Fungo la Madzi: Zimene Japan Anaphunzitsa Katswiri wa Perefyumu

Kodi madzi ali ndi fungo? Pa maphunziro a twahara timaphunzitsa ana kuti madzi akasintha mtundu, kakomedwe kapena fungo chifukwa cha nyansi, sayeneranso kuchitira wudhu. Madzi abwino sanunkha kanthu. Komatu m'chaka cha 1992 ku France kunatuluka perefyumu wa mtengo wapatali amene eni ake anafuna kuti azinunkhira ngati madzi.

Mwini ganizoli anali Issey Miyake, mmisiri wa zovala wa ku Japan, yemwe anabadwira ku Hiroshima mu 1938 ndipo anamwalira mu 2022. Bamboyu sankakonda mafuta onunkhira kwambiri. Masiku amenewo anthu olemera ankadzola mafuta a fungo lamphamvu monga Poison, amene kampani ya Dior inatulutsa mu 1985. Munthu ankachoka m'chipinda, fungo lake n'kutsala. Miyake anafuna fungo lofatsa, lokumbutsa munthu wongosamba kumene.

Ntchitoyi inapatsidwa kwa Jacques Cavallier, mnyamata wa zaka 30 wochokera ku Grasse, tauni yotchuka ndi ntchito ya mafuta onunkhira, kumene bambo ake ankagwiranso ntchito yomweyo. Popeza madzi alibe fungo loti n'kulitenga, iye anasakaniza fungo la maluwa a lotus, rozi ndi freesia ndi mankhwala opangidwa ndi akatswiri a sayansi amene amakumbutsa kamphepo kochokera pa madzi. Perefyumuyo anamutcha L'Eau d'Issey, kutanthauza kuti madzi a Issey. Mu 1994 Cavallier anapanganso wa amuna, nathiramo fungo la yuzu, chipatso cha ku Japan chofanana ndi ndimu. Mafutawa anayenda malonda kwambiri, ndipo makampani ena anayamba kutsata njira yomweyi ya fungo lopepuka.

Nanga khalidwe lokonda kufatsa chotere linachokera kuti? Buku lakale la mbiri ya Japan, Nihon Shoki, limanena kuti mu 595 chipika cha mtengo chinakokoloka ndi madzi n'kufika pa chilumba cha Awaji. Anthu atachiponya pa moto anadabwa ndi kununkhira kwake, nachipereka kwa mafumu. Mtengowo iwo amautcha jinko, koma ife Asilamu timaudziwa bwino: ndi udi womwe uja timafukiza m'nyumba ndi m'mizikiti.

Kusiyana kuli pa kafukizidwe. Pa mwambo wawo wotchedwa kodo, umene unakhazikika m'zaka za m'ma 1400, amakwirira khala la moto m'phulusa, pamwamba n'kuikapo kamwala kopyapyala, kenaka kachibenthu ka udi kochepa ngati njere ya mpunga. Udiwo supsa ndipo sutulutsa utsi, umangofunda. Kambaleko kamayenda kuchoka kwa mlendo wina kupita kwa mnzake, aliyense ali chete. Iwo sanena kuti akununkhiza. Amati akumvera fungo, monga mwana amamvera mawu a mkulu. Munthu woleredwa m'dziko lotere amadziwa kuti fungo labwino n'lomwe umachita kulisendera.

Abale ndi alongo, pano pali phunziro la m'nyumba mwathu. Mtumiki Muhammad (SAW) ankakonda zonunkhira, ndipo ndi sunna kuti mwamuna asambe ndi kudzola mafuta onunkhira popita ku swala ya Ijuma. Taonani kuti kusamba ndiko kumayamba, mafuta amabwera pambuyo. Tsono ena mwa achinyamata athu amadzithira theka la botolo pa thupi la thukuta, n'kukaima pa mzere mumzikiti. Amene ali nawo pafupi, makamaka okalamba ndi odwala mphumu, amatsokomola swala yonse. Kumeneko n'kuzunza anzathu, ndiponso ndi israfu, kuononga chuma kumene Qur'an imaletsa. Chakomachakoma pusi anagwa chagada.

Sitikunena kuti mukagule botolo la ku Paris. Ndalama yake ingathe kugula matumba a chimanga. Kabotolo ka mafuta kogula pa khomo la mzikiti n'kokwanira. Makolo, phunzitsani ana kuyamba ndi sopo ndi madzi, kenaka kadontho kamodzi pa dzanja ndi pa ndevu, kuti fungolo alimve yekhayo amene wabwera kudzapereka salamu.