Za Mau Onena Ulendo wa ku Malo Oyera

Aphunzitsi ndi akatekisti, samalani mneni amene muphunzitsa. Akristu a ku Kawale, ku Biwi ndi ku Mgona ponyamuka m'chilimwe, miseu itauma, kunka ku Mua, ambiri ati, "Tikaona Mua." Kaphatikizo -ka- kasonyeza chimene munthu achokera pakhomo pache, tsono wonena chotero waulula kuti anyamukira maso okha, monga achita wamalonda. Mau oyenera ndiwo "tikapemphera ku Mua".

Mwambo umene suli wachilendo konse. Mvula ikakana, makolo ankatumiza nsembe ku Msinja, kwa Makewana, ndipo otumidwawo sankapitira kucheza. Wophunzira akakumbutsidwa ichi amva msanga. Komatu mumuuze kuti ife sitipembedza malo ai, koma Mulungu amene anatichitira chifundo pamalopo.

Asananyamuke adziwenso mbiri yache. Ansembe a White Fathers anakhazika Mua m'chaka cha 1902, ndi Likuni mu 1903, atasamuka ku Chiwamba. Ku Likuni anthu a ku Chinsapo afikako ndi miyendo. Wosowa ndalama za basi asachite manyazi, apite kumeneko, alape, alandire Ukaristia.