Ululu wa ziweto: mankhwala a anthu si a ng'ombe

Alimi anzanga a ng'ombe za mkaka kwa Khwethemule ndi madera ena a Thyolo amandifunsa kawirikawiri ngati tramadol kapena mankhwala ena opha ululu a anthu angathandize ng'ombe yothyoka mwendo kapena yodulidwa nyanga. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

M'ubongo ndi m'mitsempha ya nyama muli timaloko tating'ono kwambiri. Mankhwala a gulu la morphine ali ngati kiyi: akalowa pa loko, uthenga wa ululu umafooka usanafike ku ubongo. Timaloko timeneti tinapezeka m'chaka cha 1973. Mu 1975 akatswiri a ku Aberdeen, John Hughes ndi Hans Kosterlitz, anapeza m'ubongo wa nkhumba kuti thupi limapanganso makiyi akeake.

Maloko akuluakulu alipo atatu: mu, delta ndi kappa. Mu 1996 akatswiri a ku France anaweta mbewa zopanda loko wa mu. Atazipatsa morphine, ululu sunachepe ngakhale pang'ono. Apa zinadziwika kuti morphine amadalira loko wa mu. Komabe malokowa sagwira ntchito payekhapayekha. Kafukufuku wa mu 1991 anasonyeza kuti loko wa delta akatsekedwa, mbewa sizizolowera msanga morphine. Ndiye kuti loko wina amasintha kagwiridwe ntchito ka mnzake.

Kuchuluka kwa malokowa kumasiyananso pakati pa nyama. Ubongo wa nkhunda uli ndi maloko a kappa ochuluka, n'chifukwa chake madokotala a ziweto amasankhira mbalame mankhwala ena osiyana ndi a galu.

Nanga ng'ombe ndi mbuzi? Maloko a mu alinso m'njira ya chakudya, ndipo mankhwalawa amachedwetsa kayendedwe ka chifu. Ng'ombe ikhoza kusiya kubzikula, mimba n'kutupa, mkaka n'kuchepa. Mlimi amene amafuna kuchotsa vuto limodzi amadzipezera awiri. Komanso morphine ndi mankhwala otetezedwa ndi lamulo, saloledwa kusungidwa m'khola.

Izi sizikutanthauza kuti chiweto chizingopirira. Ng'ombe yomva ululu sidya bwino, ndipo chigubu chopita ku bulking group chimapepuka. Chitani izi:

Dulani nyanga ndi kuthena chiweto chikadali chaching'ono, pamene chilonda chimakhala chochepa.

Itanani mlangizi wa ziweto. Iye angabaye lignocaine kuti malo achite dzanzi asanadule, kenaka n'kupereka mankhwala ochepetsa kutupa monga meloxicam, amene sadutsa m'maloko aja.

Funsani masiku oyenera kudikira musanagulitse mkaka kapena nyama ya chiweto chobayidwa jakisoni.

Mankhwala otsala a wodwala wa pakhomo bwezani ku chipatala. Mtengo wa ulendo wa mlangizi ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wa ng'ombe imodzi ya mkaka.