Kakitasi Wochuluka M'miphika Koma Wosowa Kwao

M'zigwa zouma za m'chigawo cha Querétaro, pakati pa dziko la Mexico, mumamera kakitasi wotchedwa Echinocactus grusonii. Dzinali linaperekedwa mu 1886 ndi Heinrich Hildmann polemekeza Hermann Gruson wa ku Germany, amene ankasonkhanitsa zomera za mtunduwu. Lero chomerachi chimagulitsidwa m'miphika ya maluwa m'maiko ambiri, komabe kwao kwenikweni chatsala pang'ono kutheratu.

Chomerachi n'chobulungira ngati dzungu lalikulu, ndipo chikakhwima chimatalika pafupifupi mita imodzi. Chilibe masamba. Thupi lake lili ndi mizere yotukuka ngati nthiti, imene imapitirira 30 pa chomera chachikulu. Mvula ikagwa, mizereyi imatambasuka kuti thupi lisunge madzi. Chilala chikafika, imakhwinyata. Minga yake yachikasu imatuluka m'magulu pa timfundo taubweya. Timfundo timeneti ndito timasiyanitsa kakitasi weniweni ndi zomera zina zopirira chilala, monga nkhadze ya kuno, imene ili ya banja lina.

Luso lake lalikulu lili pa kapumidwe. Timabowo ta pakhungu lake timatseguka usiku, kunja kukazizira, ndipo mpweya wolowawo umasungidwa ngati asidi. Masana timabowoto timatsekeka, chomera n'kumapanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa popanda kutaya madzi ambiri. Chinanazi nachonso chimapuma motero.

Koma chomera chopuma chonchi chimakula pang'onopang'ono. Maluwa ake achikasu, ophuka pamutu paubweya, amayamba kuoneka patapita zaka pafupifupi 20. Choncho anthu atayamba kuchizula kuti akagulitse, sichinathe kubwerera msanga. M'zaka za m'ma 1990 damu la Zimapán, pa mtsinje wa Moctezuma, linamiza mbali yaikulu ya mapiri omwe chinkamera. Bungwe la IUCN linachiika m'gulu la zomera zomwe zili pangozi yakutha.

Kuchuluka kwake m'miphika sikubwezeretsa chimene chinatayika, pakuti ndi kuthengo kumene mtundu umapitiriza kuzolowera nthaka ndi chilala cha kwao. Alangizi a zaulimi ali ndi phunziro pamenepa. Mapira, mawere ndi nandolo zamakolo zimatha mwakachetechete pamene minda isanduka malo a ntchito zina. Nkofunika kuzilemba, kusonkhanitsa mbewu zake, ndi kulimbikitsa alimi ozisunga, ntchito yomanga isanayambe. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.