Mkwiyo Wosoŵa Kolunjika

M'nkhani yaifupi ya Ann Petry ya 1945, "Like a Winding Sheet", Johnson, munthu wakuda wa ku New York, atukwanidwa ku fakitale ndi kapitao wachizungu wamkazi chifukwa cha khungu lake. Iye angoumeza mkwiyo, poti mkazi sammenya. Koma pofika kunyumba, mkazi wake Mae atchula mwanthabwala liwu lomwe lija, ndipo nkhonya zonse zigwera iye.

Ophunzira a ku Chiradzulu sangavutike kuimva nkhaniyi. Thangata ya pa esiteti ya Bruce ku Magomero inakoleza mkwiyo wotere, ndipo mu Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaulunjikitsa kwa woyang'anira wake, William Livingstone. Johnson alibe koulunjikitsa. Apa Petry aonetsa kuti chipongwe cha tsankho chikapanda kubwezedwa, chimakathera pa wa m'nyumba wosalakwa.