Pepala losadontha mafuta: kodi lingalowe m'malo mwa jumbo pachiwaya?

Aliyense wogulitsa tchipisi pachiwaya akulidziwa vuto la pepala wamba. Mukangothiramo tchipisi chotentha ndi kabichi wa tomato pamwamba, mafuta amalowerera, pepala n'kufewa, kasitomala asanafike n'komwe pa siteji malaya athimbirira kale. N'chifukwa chake kajumbo kopyapyala kadakhazikika m'misika yathu: n'kotchipa, sikadontha, ndipo mpukutu umodzi umakwana m'thumba la epuloni.

Koma kajumboko n'koletsedwa. Boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 mu 2015. Makampani opanga adathamangira kukhothi, bwalo la Supreme lidagamula mu July 2019 kuti chiletsocho chili m'malo mwake, ziletso zina za khothi zidatsatirabe, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pomwe bwalo lalikulu ku Lilongwe lidachotsa chomwe chidatsala. Bungwe la MEPA tsopano lili ndi mphamvu zolanda katunduyu. Anzathu nawonso adaletsa kalekale: Rwanda mu 2008, Kenya mu 2017, Tanzania mu 2019. Choncho wamalonda amene akuganizabe kuti nkhaniyi ingozirala yokha akuika mpamba wake pachiswe.

Apa ndi pomwe pakulowera mapepala omatidwa ndi zochokera ku zomera, omwe ogulitsa ena akuwatcha owola okha. Kuti tiwamvetse, tiyambe ndi kapu ya pepala yomwe timamwera tiyi pamisonkhano. Ambiri amayesa ndi pepala lokhalokha. Ayi. M'kati mwake mudamatidwa kachikopa kopyapyala ka pulasitiki yotchedwa polyethylene, yomweyo yopangira jumbo, ndipo ndi kameneko komwe kamatchinga madzi. Mukaitaya kudzala, pepala limawola koma kachikopako kamatsala.

Mapepala atsopanowa amasintha kachikopa kameneka. Mtundu wofala kwambiri umamatidwa ndi PLA. Opanga amatenga shuga wochokera ku chimanga, nzimbe kapena chinangwa, amamusasitsa ngati mmene chimasasira chambiko, ndipo asidi wotulukapo amamusandutsa timibulu tosungunuka tomatira pepala. Kampani ya NatureWorks imapanga PLA ya chimanga ku Blair, m'chigawo cha Nebraska ku America, pomwe TotalEnergies Corbion imapanga ya nzimbe ku Rayong, m'dziko la Thailand. Mtundu wina umamatidwa ndi ndere za m'nyanja ya mchere. Wodziwika pa umenewu ndi kampani ya Notpla ya ku London, yomwe idapata mapaundi 1 miliyoni pa mphoto ya Earthshot mu 2022. Palinso mapepala opakidwa phula la soya, lomwe limatchinga chinyontho koma silichedwa kusungunuka pa chakudya chotentha.

Tsono pali chinthu chomwe otsatsa malonda samachikweza. Mawu oti "lochokera ku zomera" sakutanthauza kuti liwola paliponse. PLA imafuna kompositi ya kufakitale, yotentha pafupifupi madigiri 58 komanso yachinyontho chokwanira. Mlingo wa ku Ulaya wotchedwa EN 13432 umati chinthu chiphwanyike m'sabata 12, ndipo magawo 90 pa 100 aliwonse akhale atawola m'miyezi 6, koma zonsezo ndi m'malo otentha otero. Dzala la kuseri kwa nyumba silifika pamenepo, ngalande ya mumsika ndiye n'kosayamba. Kapu ya PLA ikagwera mu Mudi kapena mu Lingadzi ikhalamo nthawi yaitali ndithu. Ngati mukufuna chowoleradi padzala, yang'anani chidindo cholembedwa OK compost HOME, chomwe chimaperekedwa ndi TÜV Austria. Chithunzi cha tsamba lobiriwira pakatoni si umboni. Tsamba aliyense angajambule.

Chenjezo lina ndi la mankhwala otchedwa PFAS, omwe kwa zaka zambiri akhala akupakidwa pa mapepala okulungira zakudya kuti mafuta asalowerere. Mankhwalawa sawola ndipo amakhalitsa m'thupi. Dziko la Denmark lidawaletsa pa mapepala a zakudya mu 2020, ndipo mu February 2024 bungwe la FDA ku America lidalengeza kuti sakugulitsidwanso kumeneko pa ntchitoyi. Woitanitsa katundu kunja afunse wopanga, ndipo yankho likhale lolemba, kuti pepalalo mulibe PFAS. Pepala lotchipa modabwitsa koma lokana mafuta ngati tsamba la koko pa mvula ndi lofunika mafunso ambiri.

Musanaode katoni, pemphani ochepa oyesera. Dontheranipo mafuta ophikira ofunda, muliike pa pepala loyera, mudikire mphindi 15. Pansipo pakaoneka banga, pepalalo n'la buledi ndi sikono, osati la chiwaya. Kenaka ling'ambeni pang'onopang'ono. Pakaoneka kachikopa kotanuka konyezimira ndiye kuti ndi polyethylene kapena PLA, ndipo ziwirizi diso silingazisiyanitse, wogulitsa aonetse chikalata. Yesaninso ndi chakudya chanu chenicheni. PLA imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, choncho tchipisi kapena kanyenya wongochoka m'mafuta ayambe wakha kaye pambali pa chiwaya asanalowe m'pepala, zomwe zimakupulumutsiraninso mafuta.

Nkhani yaikulu n'njamtengo, ndipo tisanamizane: pepala lomatidwa limaposa jumbo. Timibulu tomatira timachokera kunja, timagulidwa ndi dola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse choolokera pa Mwanza kapena pa Songwe chidalemera. Werengerani pa mbale imodzi, osati pa katoni. Tiyerekeze kuti pepala likukuonjezerani K40 pa mbale ndipo mumagulitsa mbale 60 patsiku: ndi K2,400 patsiku, kapena K62,400 pa masiku 26 a malonda. Pa mbale ya tchipisi ndi nkhuku K40 imabisala mumtengo. Pa mandasi awiri kapena zitumbuwa imadya phindu lonse.

Ine ndikuona kuti apa m'pamene ambiri angataye ndalama chifukwa chotengeka. Si katundu aliyense amafuna pepala lomatidwa. Mtedza wokazinga, mbuliwuli, buledi ndi bonya wouma zimakwanira m'thumba la pepala la khaki losamatidwa, lotchipa komanso lowola popanda chikaiko. Lomatidwa lisungireni za mafuta ndi za msuzi. Ena amadula pepala lomatidwa m'tizidutswa n'kuyala m'kati mwa thumba la khaki, ndipo mtolo umodzi umawafikitsa patali. Chokhacho chomwe sindingakulimbikitseni, ngakhale ndikudyera momwemo, ndi nyuzipepala: inki yake imasungunuka m'mafuta otentha n'kulowa m'chakudya, mwakuti ku India kukulunga chakudya m'nyuzipepala n'koletsedwa.

Ogulitsa pamzere umodzi angachite bwino kusonkherana n'kuoda katoni yathunthu, chifukwa mtengo wa pikulitsa umasiyana kwambiri ndi wogula paketi imodziimodzi. Koma musaunjike a chaka chonse. Pepala limakoka chinyontho, ndipo losungidwa pa simenti m'benchi yodontha nyengo ya dzinja limapindika n'kuchita nkhungu. Liikeni pa thandala, m'katoni yake yotseka, kutali ndi moto wa chiwaya, ndipo muziyamba kugwiritsa ntchito lomwe lidafika koyamba.