Ngozi ikacitika pamalo omanga, alipila ndani?

Kucokela mu 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse la phungu, makontilakita ang'onoang'ono ambili apatsidwa nchito yomanga makalasi, zipatala, misika ndi milatho. Ena mwa iwo ndi amisili odziwa bwino njelwa ndi simenti, koma nkhani ya inshuwalansi amaimva bwino pokhapo ngozi itacitika kale.

Kontilakita akanena kuti ali ndi inshuwalansi, nthawi zambili amakhala ndi cikalata cimodzi, ndipo amakhulupilila kuti cimateteza zonse. Pamalo omanga, ngozi ingagwele zinthu zitatu zosiyana: thupi la wanchito, cimango cimene cikumangidwa, ndi munthu wapadela amene sali pa nchitoyo. Ciliconse cili ndi khomo lake lokapemphako ndalama.

Za wanchito zili m'manja mwa bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lake lili ku Ndola ndipo limayendela lamulo nambala 10 la 1999. Wolemba anthu nchito afunika kulembetsa ku bungweli ndi kupeleka ndalama caka ciliconse. Kuculuka kwa ndalamazo kumadalila malipilo a anchito ake ndi kuopsa kwa nchito imene agwila, conco womanga nyumba amapeleka zambili kuposa mwini sitolo. Ndalama zimenezi zimacoka m'thumba la wolemba nchito yekha. Sizili ngati za NAPSA, kumene wanchito ndi bwana aliyense amasonkha 5 pelesenti. Wanchito amene aona kuti akumudula malipilo ati ndi a cipukuta misozi, adziwe kuti akumudyela masuku pamutu.

Munthu akavulala pa nchito, bungweli limathandiza pa ndalama za kucipatala, limalipila amene walemala, ndipo akamwalila limasamalila mkazi kapena mwamuna wake ndi ana.

Vuto lalikulu lili pa anthu aganyu. Pa nchito yomanga, ambili amene amakumba maziko, kusakaniza konkili ndi kunyamula mabuloko amalembedwa m'mawa pacipata ndi kulipidwa madzulo kapena pa Cisanu. Kapitawo amawadziwa ndi maina a nthabwala cabe. Makontilakita ena amaganiza kuti anthu otelewa sawelengedwa, koma munthu waganyu amene akugwila nchito yeniyeni ya kampaniyo ndi wanchito pamaso pa lamulo. Tsono akagwa pa makwelelo, umboni woti anali pa nchito tsikulo udzacokela kuti? Buku wamba lolembamo dzina, nambala ya NRC, tsiku ndi malipilo limathetsa mkangano umene ungatenge miyezi. Lamulo lifunanso kuti bwana akanene za ngoziyo ku bungweli pasanathe masiku atatu. Cizolowezi copatsa wovulala ndalama pang'ono za mankhwala ndi kumuuza kuti akapumule kunyumba cimaoneka ngati cifundo, koma cimamutsekela thandizo limene angafunike kwa moyo wake wonse ngati msana kapena diso silinacile.

Bungwe la ku Ndola sililipila cipupa cakugwa. Cimango, simenti, malata ndi zipangizo zina zimatetezedwa ndi inshuwalansi imene makampani amaicha Contractors All Risks. Imalipila zinthu zikaonongeka ndi moto, madzi osefukila kapena mphepo yamkuntho, ndiponso zikabedwa, malinga ndi zimene munagwilizana. Dzina lake limamveka ngati imateteza ku ngozi zonse, koma sizili conco. Ngati mmisili anacepetsa simenti kapena zitsulo, ndalama zokonzela mbali yolakwikayo ndi zake. Palinso gawo loyamba la ndalama limene kontilakita amalipila yekha pa ngozi iliyonse kampani isanaikepo zake.

Cimene cimagwetsa ambili ndi masiku. Inshuwalansi imeneyi imagulidwa molingana ndi nthawi ya nchito. Ngati kalasi inafunika kutha m'miyezi isanu ndi umodzi koma yaima cifukwa malipilo acedwa, citetezo cimatha pa tsiku lolembedwa m'cikalata. Mvula ya January ikagwetsa cipupa ca nyumba yopanda denga, kampani idzayamba yayang'ana tsikulo. Kontilakita afunika kulembela kampaniyo nchito ikangoima, ndi kupempha kuti iwonjezele nthawi.

Munthu wapadela naye ali ndi gawo lake, limene nthawi zambili limaikidwa m'cikalata comweco. Mwana wa pasukulu akagwela m'dzenje lodzala madzi, njelwa ikagwela galimoto ya mwini, kapena makina okumbila akadula nthambo ya ZESCO, gawo limeneli ndilo limayankha. Kampani imaika malile a ndalama zimene ingalipile, ndipo kawilikawili imafuna kuti kontilakita ayambe wafunsa kumene kwadutsa nthambo ndi mapaipi asanakumbe.

Pali cikalata cina cimene cimasokoneza anthu, ca performance bond. Ngakhale cimagulidwa ku kampani ya inshuwalansi kapena ku banki, cimateteza mwini nchito ngati kontilakita walephela kumaliza. Kampani ikalipila, imatembenukila kontilakita yemweyo kuti abweze.

Zikalata zonsezi zili ndi mfundo imodzi yofanana: wogula inshuwalansi acite zonse zoyenela kupewa ngozi. Lamulo la zaumoyo ndi citetezo pa nchito la 2010 linalamula kuti pamalo pamene pali anchito khumi kapena kuposelapo pakhale komiti yoona za citetezo. Zisoti zolimba, majombo ndi malamba omangila amene ali pamwamba ndi udindo wa bwana kugula. Koma cisoti sicingapulumutse munthu amene wakwililika m'ngalande. Dothi lokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi kuya limalemela kupitilila tani imodzi, ndipo likanyowa limagumuka mosacenjeza. Ngalande yakuya imafunika kuchilikizidwa ndi matabwa kapena kukumbidwa mopendeka, ndipo dothi lokumbidwa liunjikidwe kutali ndi m'mphepete. Ndi nchito yochipa poyelekezela ndi maliro, koma ndiyo imayamba kusiyidwa nthawi ikacepa.

Amene afuna kupatsa munthu nchito yomanga angafunse cikalata ca National Council for Construction, bungwe limene limalembetsa makontilakita m'magiledi asanu ndi limodzi, giledi 1 kukhala ya nchito zikuluzikulu. Afunsenso cikalata ca caka cino ca ku Workers' Compensation. Za makampani a inshuwalansi ndi anthu ogulitsa inshuwalansi, bungwe la Pensions and Insurance Authority ku Lusaka ndilo limapeleka malaisensi, ndipo limalandila madandaulo a amene akanidwa malipilo.