Sikirini ya TV si galasi la pawindo

Monga mmisiri wokonza ma TV, ndimaumirira mfundo imodzi: sikirini za masiku ano zimaonongeka ndi manja a anthu aukhondo kuposa fumbi. Ma TV akale a chimsana chotukuka aja anali ndi galasi lochindikala, chinsanza chonyowa sichinkawachita kanthu. A LCD ndi LED sali choncho. Chimene chala chanu chimakhudza ndi kapulasitiki komatidwa pa magalasi awiri opyapyala kwambiri, ndipo pamwamba pake anapakapo mankhwala ochepetsa kunyezimira. Sipiriti, mankhwala otsukira mawindo okhala ndi amoniya, ngakhalenso ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amadya zopakazo n'kusiya zigamba zotuwa zosachoka. Nyuzipepala ndi tishu nazo zimakanda, makamaka mu Okutobala pamene fumbi limabwera ndi timchenga.

Wina anena kuti madzi okha alibe vuto. Inde, koma amathera kuti? Mukawaza pasikirini amayenderera mpaka m'munsi, pomwe ma TV ambiri ali ndi timaliboni totumiza chithunzi. Akalowa pamenepo mumayamba kuona mizere yoimirira pankhope ya wowerenga nkhani. N'chifukwa chake Samsung, LG ndi Sony onse amaletsa kuwaza chilichonse pasikirini. Zimitsani TV, zulani pulagi, pukutani mopepuka ndi kansalu kouma ka microfiber, konga kopukutira magalasi a m'maso. Ngati mwana wasiyapo chala cha mafuta a ndiwo, nyowetsani kansaluko pang'ono, kafinyeni, ndipo musakanikize poganiza kuti mphamvu ndiyo ichotse banga.

Ngozi ikachitika, chipangizo chimaphedwa ndi changu chofuna kuona ngati chikuyakabe. Tiyi kapena madzi akalowa mkati, zulani pulagi ndipo musayatse mpaka mmisiri atsegule n'kuumitsa, chifukwa magetsi akadutsa ponyowa amaotcha bolodi. Kukanda kwakung'ono kusiyeni. Mankhwala otsukira mano amene ena amatama amangopala zopaka zija, banga n'kukula. Koma sikirini ikasweka mkati n'kuoneka chibanga chakuda ngati inki yotayika, palibe guluu kapena luso lolumikiza. Imafunika ina, ndipo ndiyo mbali yodula kwambiri, moti nthawi zambiri mtengo wake umayandikira wa TV yatsopano. Waranti nayo kawirikawiri siilipira zogwetsa kapena zothira madzi, choncho funsani mtengo wa sikirini musanalipire ndalama yokonzera.